Kalata yotseguka kwa nduna za boma la Britain ndi makhansala a ku England: mukakhudza chithandizo cha olumala mwakhudzanso msonkho wa nyumba zawo

Olemekezeka a Nduna oona za ntchito ndi penshoni, a Nduna oona za maboma aang'ono, a Stephen Timms amene mukutsogolera ntchito younikanso PIP (ndalama imene boma limapatsa olumala ndi odwala nthawi yaitali pa zosowa zawo zoonjezera), ndi inu makhansala a m'makhonsolo onse a ku England,

Ndikulemberani za nkhani imene imagwera pakati pa maofesi anu, moti aliyense wa inu akafunsidwa amaloza mnzake. Ndikunena za Council Tax, msonkho umene banja limalipira ku khonsolo chifukwa cha nyumba imene likukhalamo, ndi zimene zimauchitikira msonkhowo unduna wa za ntchito ndi penshoni (DWP) ukangosintha chithandizo cha munthu wolumala kapena wodwala. Ku nyumba ya malamulo ya Westminster mumakambirana za PIP, ESA (chithandizo cha olephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda) ndi Universal Credit (chithandizo cha pamwezi cha opeza ndalama zochepa) ngati kuti nkhani yake imathera pa ndalama imene yalowa ku banki. Koma kalata yochokera ku DWP ikafika, pakapita milungu ingapo imabweranso ina yochokera ku khonsolo, ndipo yachiwiriyi ndi imene imafikitsa anthu kukhoti.

Ndine Mmalawi wokhala ku England. Ndimagwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba m'makomo mwawo, ndipo poti ndinazolowera kuwerenga makalata a boma, anthu amanditulutsira maenvelopu awo kuti ndiwamasulire. Zimene ndilembe pano ndi zimene ndaziona pa matebulo a kukhitchini a anthu amenewo.

Gwero la vutoli ndi chaka cha 2013. Kufikira mwezi wa Malichi chaka chimenecho kunali Council Tax Benefit, ndipo lamulo lake linali limodzi: munthu wosauka wa ku Leeds ndi wa ku Luton ankawerengeredwa mofanana, ndipo wolandira ESA ya anthu opanda chuma nthawi zambiri sankalipira kanthu. Mu Epulo 2013 boma linathetsa chithandizochi, n'kuuza khonsolo iliyonse kuti ipange ndondomeko yakeyake, koma ndalama zoyendetsera ntchitoyo linazidula ndi 10 peresenti. Linalamulanso kuti okalamba a msinkhu wa penshoni asakhudzidwe. Kuteteza okalambako kunali kolondola ndithu. Koma kunatanthauza kuti katundu yense wa ndalama zodulidwazo anasenzetsedwa anthu a msinkhu wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo ndi odwala, olumala ndi owasamalira. Lero ku England kuli makhonsolo pafupifupi 300 otolera msonkhowu, ndipo ndondomeko zake ndi zochuluka chomwecho. Ena amakhululukira msonkho wonse. Ena amati ngakhale munthu akhale wosaukitsitsa alipire 20 peresenti, ena 25 kapena kuposa. Ku Scotland ndi ku Wales anakana njira imeneyi, anasunga lamulo limodzi la dziko lonse.

Mwezi womwewo wa Epulo 2013 ndi pamene PIP inayamba kulowa m'malo mwa DLA, chithandizo chakale cha olumala. Makhonsolo, posowa njira yawoyawo yodziwira wolumala, anangotenga chigamulo cha DWP kukhala muyeso. Ndiye lero PIP si ndalama chabe. Gawo lake la zosowa za tsiku ndi tsiku, limene mu chaka cha 2025/26 linali £73.90 kapena £110.40 pa sabata, ndi limene limatsegulira munthu makomo ena ambiri. M'makhonsolo ambiri ndi limene limamuika m'gulu la otetezedwa, osalipira gawo lokakamiza lija. Ndi limene limaletsa khonsolo kumudula chithandizo chifukwa choti m'nyumbamo muli mwana wamkulu. Ndi limene limapangitsa kuti womusamalira alandire ndalama ya osamalira, Carer's Allowance, ngati amamusamalira maola 35 pa sabata, komanso kuti wosamalira wina wokhala naye asawerengedwe pa msonkho. Munthu amene ubongo wake unawonongeka kwambiri, monga wa matenda oiwalaiwala, sawerengedwa pa Council Tax, koma kalata ya dokotala payokha sikwanira: ayeneranso kukhala woyenera kulandira chimodzi mwa zithandizo za DWP zotchulidwa m'lamulo. Zili ngati tsinde la dzungu, ukalikoka pano maungu amagwedezeka kutsidya kwa mizere itatu.

Taonani mmene zimakhalira. Bambo wina amene ndinkamusamalira anaitanidwa kuti amuunikenso. PIP imafuna mapointi 8 kuti munthu alandire mlingo wotsika, 12 kuti alandire wokwera. Iye anapatsidwa ochepera 8, ngakhale matenda ake anali omwewo, ndipo ine ndi amene ndinkamuveka masokosi m'mawa uliwonse chifukwa sakanatha kuwerama. PIP itaima, Carer's Allowance ya mkazi wake inaimanso. Khonsolo itamva, inamuchotsa m'gulu la otetezedwa, n'kuyambanso kumudula chifukwa cha mwana wawo wamkulu amene amagwira maganyu a usiku m'nyumba zosungiramo katundu. Bilu yatsopano ya msonkho inafika m'mwezi womwe ndalama za pakhomopo zinali zitachepa kwambiri. Anapempha DWP kuti iunikenso chigamulocho, kenako anachita apilo, ndipo anapambana, monga mmene oposa theka la ofika pamaso pa bwalo la apilo ya PIP amapambanira. Koma apilo imatenga miyezi yambiri, ndipo khonsolo siidikira apilo. Pamene ndalama zake zinkabwezedwa n'kuti banjalo litakongola kale kwa abale ndi kumpingo, ndipo mkazi wake atayamba kuopa kutsegula chitseko wina akagogoda.

Mantha amenewo ali ndi chifukwa. Malamulo otolerera msonkhowu, amene anakhazikitsidwa mu 1992, ndi ouma kuposa a ngongole ya kubanki. Munthu akaphonya mwezi umodzi amalandira chikumbutso chomupatsa masiku 7. Akalephera, ufulu wolipira pang'onopang'ono umatha ndipo amafunidwa msonkho wa chaka chonse nthawi imodzi. Nyumba zimaikidwa m'magulu potengera mtengo wake, ndipo mu 2025/26 nyumba ya m'gulu D ku England inkalipira pafupifupi £2,280 pa chaka. Kenako pamabwera samani ya kukhoti ndi ndalama zake zoonjezera, kenako ma bailiff olanda katundu, amene malamulo a 2014 anawalola kuonjezera £75 pongotumiza kalata ndi £235 pofika pakhomo. Ku England lamulo limalolabe kuti munthu atsekeredwe m'ndende mpaka masiku 90 ngati khoti laona kuti wakana dala kulipira. Sizichitika kawirikawiri, koma mawuwo amalembedwa m'makalata, ndipo wodwala nkhawa akawawerenga sagona. Ku Wales anathetsa chilango cha ndende chimenechi mu 2019. Mu 2025 boma linafunsa maganizo a anthu pa zofewetsa katoleredwe kameneka, ndipo ndikuyamikira. Koma kufewetsa katoleredwe sikuthandiza ngati bilu yomwe ikutoleredwayo siinayenere kutumizidwa n'komwe.

Nkhani imene yandiwawa kwambiri ndi ya kusamutsa anthu kuchoka pa ESA kupita pa Universal Credit. Kuyambira mu 2024 DWP inayamba kutumiza makalata kwa olandira ESA owapatsa miyezi itatu kuti alembetse Universal Credit. Anthu sanasankhe okha, anauzidwa. Analonjezedwa kuti sataya ndalama, chifukwa pali ndalama yoonjezera yotsekera mpata pakati pa zakale ndi zatsopano, makamaka kwa amene ankalandira gawo la olumala kwambiri limene mu Universal Credit mulibe. Kumbali ya DWP lonjezolo limasungidwa. Koma makhonsolo ambiri anasiya kawerengedwe kakale n'kuyamba kuika anthu m'magulu potengera ndalama zimene amapeza pa sabata. Ndipo m'makhonsolo ena, ndalama ya odwala ya mu Universal Credit, pena ndi yotsekera mpata ija, zimawerengedwa ngati phindu la munthuyo.

Mayi wina amene anafa ziwalo mbali imodzi anandionetsa makalata ake awiri. Ya DWP inkasonyeza kuti ndalama zake za pamwezi sizinasinthe. Ya khonsolo inali ndi tebulo la mizere, mzere uliwonse ndi peresenti yake, ndipo iye anali atatsitsidwa kuchoka pa mzere wapamwamba, wa okhululukiridwa zonse, kupita pa mzere wa anthu amene khonsolo imawaona ngati opezako bwino. Kwa zaka zambiri sanalipirepo msonkhowu. Poganiza kuti kompyuta yalakwitsa, anaika kalatayo pamwamba pa filiji. Chikumbutso chitafika ndi pamene anayamba kuzimitsa hita masana n'kumakhala pampando atafunda bulangete, mwendo wakufawo uli zii ngati mwala. Ndinaimba ku khonsolo ndili naye pompo. Anandiyankha mwaulemu kuti malamulo awo ndi amenewo, za Universal Credit tifunse ku DWP. Ku DWP anati Council Tax si yawo. Onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chimene chikundilembetsa kalata ino.

Ndalama ya ulumali si phindu, a Nduna. Ndi ya takisi yopita kuchipatala poti basi sangakwere, ya magetsi ochapira zofunda tsiku lililonse, ya matewera a akuluakulu, ya chakudya chimene dokotala analamula. Boma lomwelo silingavomereze ku London kuti munthu ali ndi zosowa zoonjezera, kenako ku ofesi ya khonsolo n'kumutcha wolemera chifukwa cha ndalama yothetsera zosowazo. Pali chinanso: kale munthu ankalembetsa chithandizo cha lendi ndi cha msonkho pa fomu imodzi ku khonsolo. Universal Credit inatenga lendi n'kusiya msonkho. Makhonsolo ena amatenga uthenga wochokera ku DWP ngati pempho, ena amadikira kuti munthuyo adzaze fomu ina, ndipo amene sakudziwa amangoona ngongole ikukula.

Tsopano ndifike pa zimene munachita mu 2025. Pa 18 Malichi, a Liz Kendall ali nduna, boma linatulutsa chikalata cha Pathways to Work chofuna kuti munthu azipeza mapointi 4 pa chinthu chimodzi kuti alandire gawo la PIP la zosowa za tsiku ndi tsiku. Ife osamalira odwala tinazindikira msanga amene akanatsala kunja. Wofuna womusambitsa kuyambira m'chiuno kutsika amapatsidwa mapointi 2. Wofuna womuveka thalauza ndi nsapato, 2. Wofuna womudulira chakudya m'mbale, 2. Wofuna womuyang'anira popita kuchimbudzi, 2. Amenewo ndi mapointi 8, ndipo munthu wotereyu akanauzidwa kuti sakuyenera. Kawerengedwe ka boma lenilenilo kanati anthu pafupifupi 800,000 akanataya gawoli pofika 2029/30, osamalira 150,000 akanataya chithandizo chawo, ndipo anthu 250,000, kuphatikizapo ana 50,000, akanagwera mu umphawi. Aphungu oposa 120 a chipani cholamula cha Labour anakana, ndipo pa 1 Julayi boma linalengeza kuti lichotsa ndimeyo m'bilu imene linapita nayo ku nyumba ya malamulo. Koma m'mkangano wonsewo dzina la Council Tax silinamveke mokweza, chonsecho ambiri mwa anthu 800,000 aja akanalandiranso kalata yachiwiri ija.

Mbali ina ya bilu ija inadutsa. Lamulo la Universal Credit Act 2025 likuti kuyambira Epulo 2026 wolembetsa kumene ndalama ya odwala azilandira £217.26 pa mwezi, pamene mu 2025/26 inali £423.27, kupatulapo odwala kwambiri amene sadzachira ndi amene ali pafupi kumwalira. Ndiye anthu awiri a matenda ofanana, okhala khomo loyandikana, ndalama zawo za pamwezi zikusiyana ndi £200 ndi kupitirira, koma khonsolo yofuna 25 peresenti iwafuna onse awiri mofanana. Ndipo makhonsolo oyang'anira chisamaliro cha anthu amaloledwa kukweza msonkho mpaka 4.99 peresenti chaka chilichonse popanda kufunsa ovota, ambiri amakwezadi mpaka pamenepo.

Choopsa kwambiri chili kutsogolo. Boma linanena kuti mu 2028 lithetsa mayeso oona ngati munthu angathe kugwira ntchito, ndipo ndalama ya odwala ya mu Universal Credit izidalira PIP. Lero pali anthu ambiri amene DWP inavomereza kuti sangagwire ntchito koma PIP salandira, ndipo makhonsolo ena amawateteza chifukwa cha chigamulo chimenecho. Mayesowo akatha, chitseko chidzatsala chimodzi chokha. Wolephera PIP adzataya PIP, ndalama ya odwala, chithandizo cha womusamalira ndi chitetezo cha ku khonsolo, zonse chifukwa cha zimene woyesa mmodzi analemba atacheza naye pa foni. A Timms, lipoti lanu likuyembekezeka chakumapeto kwa 2026, ndipo munalonjeza kuti mulipanga limodzi ndi olumala eni ake. Ndikupemphani kuti pa kusintha kulikonse kumene mungalangize, muwerengere ndi kulemba poyera kuti munthu wotaya PIP adzaonjezeredwa msonkho wochuluka bwanji, m'khonsolo yofewa ndi m'khonsolo youma. Aphungu asadzavotenso ataona theka lokha la chiwerengero.

Inu makhansala, ndikudziwa kuti thumba lanu ndi lobooka. Birmingham, khonsolo yaikulu kuposa zonse, inalengeza mu Seputembala 2023 kuti ndalama sizikukwanira, ndipo ndalama zosamalirira akuluakulu ndi ana zikudya bajeti ya khonsolo iliyonse. Ndikudziwanso kuti munayamba kuika anthu m'magulu chifukwa Universal Credit imasintha mwezi ndi mwezi, ndipo simukanatha kusindikiza bilu yatsopano nthawi iliyonse. Mlandu waukulu ndi wa boma limene linakutulirani ntchito popanda ndalama zake. Koma kusankha kuti ndalama ya ulumali iwerengedwe ngati phindu ndi kwanu, mumakweza manja ndinu. Mu Seputembala 2025 khoti lalikulu linagamula kuti ndondomeko ya khonsolo ya Trafford inali yosemphana ndi malamulo, pa mlandu umene anasuma anthu awiri amene anayamba kulipiritsidwa msonkho umene kale sankalipira. Kale mu 2014 khoti la Supreme Court linadzudzula khonsolo ya Haringey chifukwa pofunsa anthu maganizo sinawauze kuti panali njira zina zopezera ndalamazo. Kodi mpaka wodwala apeze loya kuti muwerengenso ndondomeko yanu?

Muli ndi mphamvu imene ambiri a inu simuitchula. Ndime 13A ya Local Government Finance Act 1992 imalola khonsolo kuchepetsa msonkho wa munthu aliyense, ngakhale kuukhululuka wonse, ikaona kuti ali pa mavuto. Pa makalata a chikumbutso amene ndawerengapo, mawu a khoti ndi a ma bailiff amakhala patsamba loyamba, pamene za mphamvu imeneyi umachita kuzifufuza pa intaneti. Chimodzimodzi lamulo lotsitsa nyumba gulu limodzi ngati muli chipinda kapena bafa loonjezera chifukwa cha wolumala, kapena malo a njinga ya olumala: ndapezapo mabanja oyenera amene sanamvepo. Lembani zimenezi m'mawu osavuta pa bilu iliyonse. Ndipo munthu akakuonetsani kuti apilo yake ya PIP ili m'njira, imitsani samani ndi ma bailiff mpaka bwalo ligamule.

Pali anthu akwathu amene nkhaniyi imawakhudza mwanjira ina. Ambiri a ife ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe tinabwera pa ziphaso za ntchito yosamalira odwala, zimene zimaletsa kulandira chithandizo cha boma, ndipo chithandizo cha Council Tax cha osauka chili m'gulu loletsedwalo. Timalipira msonkho wonse, sitidandaula. Koma mantha a lamulo limenelo amatsalira ngakhale mwa amene anapeza kale chilolezo chokhazikika kapena unzika. Ndaonapo bambo wodwala impso akukana kudzaza fomu imene ali nayo ufulu wonse, poopa kuti adzamubweza kumudzi. Ena sapempha ngakhale kuchotseredwa 25 peresenti kwa munthu wokhala yekha, kumene sikuli m'gulu la zoletsedwa. Munthu wotere akalandira makalata awiri otsutsana sakadandaula kwa phungu, amangokongola n'kulipira. Kusamva madandaulo kuchokera kwa ife musakutenge ngati umboni woti zonse zili bwino.

Pempho langa lalikulu likupita kwa inu nduna ziwiri pamodzi, chifukwa mmodzi payekha adzati si zake. Okalamba a ku England ali ndi lamulo limodzi la dziko lonse lowateteza pa msonkhowu, ndipo lagwira ntchito kuyambira 2013. Ikani malire otere kwa olumala ndi owasamalira a msinkhu wogwira ntchito. Lamulolo linene kuti khonsolo iliyonse isawerengere PIP, ndalama ya odwala ya mu Universal Credit, ya osamalira ndi yotsekera mpata ija ngati phindu. Linenenso kuti wolembetsa Universal Credit walembetsa kale chithandizo cha msonkho, popanda fomu yachiwiri, ndi kuti amene PIP yake yaimitsidwa asungiridwe chitetezo chake ku khonsolo mpaka apilo ithe. Ndipo ndalama zake zichokere ku unduna wa zachuma wa Treasury, osati kutuliranso makhonsolo monga munachitira mu 2013.

Makhonsolo amayenera kuvomereza ndondomeko zawo za chaka chotsatira pofika pa 11 Malichi. Makhansala, musanakweze manja, uzani akuluakulu a zachuma a khonsolo yanu akubweretsereni mndandanda wa anthu amene anasamutsidwa kuchoka pa ESA, ndi bilu ya aliyense asanasamuke ndi atasamuka. Amene bilu yawo inakwera chonsecho ndalama zawo sizinakwere, abwezereni zimene analipira.

Ine wanu,
Wosamalira odwala m'makomo, ku England